Sikirini Yakuda ya Mai Gondwe

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha pulinta yomwe inkatafuna mapepala. Ndinali nditangomaliza kosi ya makompyuta, ndikungopondaponda pa Kasungu Boma ndi satifiketi mu envulopu, pamene mkulu wa mpingo wathu ananditsina khutu kuti ku ofesi ya bungwe lina la makalabu a alimi a fodya makina avuta. Ndinakachotsamo kapini kamene kanakodwa m'kati, ndipo manijala wake, Bambo Chimwaza, anandilemba ntchito tsiku lomwelo.

Kompyuta ya mu ofesimo inali nkhalamba, yochita kupatsidwa ndi akufuna kwabwino. Ukaiyatsa umatha kupita kukagula mandasi n'kubwerako isanadzuke. Ndinafufuta zonse n'kuikamo Linux yopanda zithunzi, sikirini yakuda bii ndi zilembo zoyera basi, ndipo inayamba kuthamanga.

Woti aziigwiritsa ntchito anali Mai Gondwe, taipisiti wa ku Kaluluma, amene anayamba kumenya taipi ine ndisanabadwe. Chidwalireni, dzanja lawo lamanja linkanjenjemera, koma likatera pa kibodi linkakhazikika n'kumathamanga ngati palibe chovuta. Mapulogalamu olembera amene ndinawapeza ankafuna kuloweza malamulo ngati katekisimu, ndipo mayiwo anawakana. Ndiye ndinaganiza zolemba yangayanga m'chilankhulo cha makompyuta chotchedwa C, madzulo tikaweruka.

Yoyambayo inali yomvetsa chisoni. Inkangotsegula fayilo, kulandira zilembo ndi kusunga. Zina zonse zinabwera chifukwa cha kudandaula kwa Mai Gondwe. Anati sakudziwa pothera mzere, ndinaikamo kabelu kolira ngati ka pa taipi. Anati maso akuwawa, ndinakulitsa zilembo. Chala chikanjenjemera chinkagunda batani kawiri, ndiye ndinaiphunzitsa pulogalamuyo kunyalanyaza kugunda kwachiwiri kukabwera mofulumira kwambiri. Magetsi atazima tsiku lina n'kuwadyera kalata yonse, mlungu womwewo ndinakonza zoti akangodina Enter mzerewo uzilembedwa pa disiki. Kenaka kunabwera kubweza zimene wafufuta molakwitsa pa batani la F2, kufufuza dzina pa F3, kutumiza ku pulinta pa F9. Mabataniwo ankasankha okha, ine kwanga kunali kulemba, kukompaila kuti makina amve zimene ndalemba, ndi kuwaonerera akuyesa.

Nyengo ya makuponi a feteleza ikafika, ofesi inkasefukira. Makalata opita ku makalabu a ku Chamama, zidziwitso za misonkhano, madandaulo a alimi amene dzina lawo lasowa, zonse zinkadutsa m'manja mwa Mai Gondwe ndi pa sikirini yakuda ija, ndipo palibe tsiku limene kalata inagona. Malipiro awo ndiwo ankalera adzukulu amasiye amene anali nawo pakhomo.

Tsono kunamveka kuti kukubwera alendo ochokera ku Lilongwe, a bungwe limene linkatithandiza. Mukudziwa mmene timachitira kukamabwera alendo. Miyala ya m'mbali mwa njira inapakidwa laimu, mabelo akale anakabisidwa kuseri, ngakhale mlonda anamubwerekera jekete. Ine ananditumiza ku Chamama kukasiya makalata, ndipo nditabwerako ndinapeza pa tebulo la Mai Gondwe pali kompyuta ina, yobwereka ku sitolo ya mlamu wawo wa Bambo Chimwaza, sikirini yake ili ndi phiri lobiriwira. Yathu ija inali m'chipinda chosungira masaka.

Ndinawachonderera bwana. Ndinawauza kuti pulogalamu ndili nayo pa fulashi, ndipo nditha kuikonza kuti igwire pa makina atsopanowo tiyi asanazizire. Ndinawafotokozeranso za dzanja la mayiwo, ngakhale ankalidziwa bwino lomwe.

"Alendo aone mdima umenewo, aziti kuno tikugona?" anatero. "Chitukuko chimaoneka ndi maso, mphwanga."

Alendo anafika m'mawa wotsatira, anthu aulemu ndithu. Atayendera nkhokwe analowa mu ofesi, ndipo mmodzi anapempha kuti aone mmene timalembera makalata. Mai Gondwe anagwira mausi, kachida koyendetsera kamuvi pa sikirini, kwa nthawi yoyamba pa moyo wawo. Kamuvi kanathawira ku ngodya, kanabwerera, kanatsegula zinthu zimene sanafune. Atayesa kudina kawiri monga anawauzira, dzanja linakana. Ine ndinasuntha kuti ndiwathandize, koma Bambo Chimwaza ananditchinga ndi mkono, n'kuseka kaseko kaja kopempha chifundo, nauza alendowo m'Chingerezi kuti vuto lathu lalikulu ndi antchito okalamba amene sangaphunzire zamakono, ndipo tikufunika thandizo kuti tilembe achinyamata.

Ananena zimenezi mayiwo ali pomwepo, ngati kuti munthu amene wataipa Chingerezi moyo wake wonse sangachimve. Mpaka lero ndikakumbukira mtima wanga umawira. Ndinauza alendowo kuti makina enieni a mayiwa ali kuseri, ndipo akalola ndikawatenge. Anayang'ana mawotchi awo, namwetulira, nati mwina ulendo wina.

Paja mlendo ndi mame. Pofika masana galimoto zawo zinali zitalowa mu msewu wa M1, kompyuta yobwereka inabwerera kwa mwini wake, ndipo yathu inatuluka m'masaka ili fumbi lokhalokha. Koma mawu aja anali atalowa kale mu lipoti la alendowo. Mwezi usanathe kunabwera thandizo la makina atsopano ndi malipiro a kalaliki wachinyamata, ndipo Mai Gondwe anapatsidwa kalata yopumitsidwa ntchito. Popeza kalaliki watsopanoyo anali asanafike, Bambo Chimwaza sanachite manyazi kuwauza kuti aitaipe okha. Anaitaipa pa sikirini yakuda, yopanda cholakwa ngakhale chimodzi.

Ndinawaperekeza ku depoti nditawanyamulira chikwama. Ndinkangolalata njira yonse. Minibasi itayamba kudzaza anandigwira pamkono.

"Mwana wane, usataye kanthu kako kaja. Kuli ena a manja ngati angawa."

Sindinakhalitse pa ofesi ija. Pulogalamuyo ndikadali nayo, ndimaikonzabe, ndipo ndaiikira anthu angapo amene mausi imawavuta. Koma chimene ndinatolapo n'chakuti chida chabwino pachokha sichiteteza munthu, ngati wolamula sanakhalepo pansi n'kuona chifukwa chake chinapangidwa. Masiku ano bwana aliyense akandiitana kuti ndisinthe makina, ndimayamba ndafunsa kuti amakhalapo ndani, ndipo sindimasula waya ngakhale umodzi mpaka bwanayo ataima kumbuyo kwa munthuyo n'kumuona akugwira ntchito. Ena amakwiya, ena andilanda kontilakiti. Mai Gondwe anabwerera ku Kaluluma, ndipo ulendo womaliza umene ndinakawaona ndinawapeza m'chigafa cha mnansi wawo, akusoka fodya waganyu.