Nkhunzi ya amalume ndi ana ake

Mundikhululukire polemba izi, ine amene sukulu ndinalekezera fomu 2 kwathu konkuno ku Namitambo. Kungoti nkhaniyi ndinaiona ndi maso anga.

Gulu lathu la alimi a mkaka lili ndi lamulo lakuti ng'ombe yako ikabereka thole lalikazi, ulipereke ku banja lina. Amayi analandira yawo motero. Koma mathole ake awiri anafa motsatizana asanathe chaka. Ankapuma mwabefu, kutupa kuyambira kukhosi mpaka pachifuwa, kenako kugwa. Alangizi a ziweto atang'amba lachiwirilo, anationetsa mtima waukulu, wolobodoka ngati chiguduli chonyowa.

Gulu linati amayi sasamala khola, ng'ombeyo alandidwe ipite kwa wina.

Ndine amene ndinkakokera ng'ombe yathu kwa nkhunzi ya amalume, yomwe inali yokhayo m'midzi itatu. Ndinkadziwanso kuti ng'ombe yathuyo ndi mwana wa nkhunzi yomweyo. Kupatsirana kuja kunkangozunguliza ana ake pafupi pomwepo, akakula n'kubwereranso kwa bambo wawo. Ndinayenda khomo ndi khomo kufunsa mwaulemu. Makola enanso awiri anali atataya mathole mofananamo, ndipo amayi a matholewo anali ana a nkhunzi ija.

Tsiku la msonkhano ndinaimirira, amalume ali pampando wakutsogolo.

"Pepani amalume," ndinatero, "vuto si khola la amayi. Nkhunzi yanu ikukwera ana ake omwe."

"Iwe mphwanga, nkhunzi yonenepa ngati ija idwale mtima? Udokotala umenewu wautola kuti, kudibi?"

Anthu anaseka, ine n'kuweramitsa mutu. Koma alangizi anandiuza kuti nditchulenso makolawo pang'onopang'ono. Nditamaliza, anafotokoza kuti nthenda yotere imatha kubisala mwa kholo looneka lathanzi, n'kudzatulukira mwa thole limene laitengera mbali zonse ziwiri. Anati iwowo sanaganizeko zofunsa za mtundu wa ng'ombezo. Zimenezi anazinena pamaso pa anthu onse, ndipo amayi anandiyang'ana nthawi yaitali.

Amalume anakhala mwezi wathunthu osandiyankha moni. Kenako anagulitsa nkhunziyo kwa opha nyama a ku Namadzi, ndipo gulu linagwirizana kuti alangizi azibweretsa mbewu ya nkhunzi zakutali yobayira ng'ombe zathu kuti zitenge bere. Ng'ombe ya amayi inatsala m'khola mwathu. Gululo linadzatiuza zimenezi pakhomo Lachiwiri m'mawa, sabata imene tinayamba kuthyola nandolo.