Ndodo ya a Pensulo

A Yakobo Pensulo anagwira ntchito zaka makumi atatu pamgodi wina wa golide kufupi ndi Bindura, koma pansi sanalowepo. Ntchito yawo inali kuyenda pakhoma la damu la matope a mumgodi m'mawa uliwonse, akubaya dothi ndi ndodo. Ndodo ikatuluka yonyowa, ndiye kuti khoma likuchucha madzi apoizoni. Kumunsi kwa khomalo kunali komboni, ndipo chitsime choyamba chinali chawo, chokumba malemu bambo awo atangofika kuchokera ku Ntcheu.

Mabwana anawaona ambiri. Ukawauza kanthu ankati "tamva," galimoto ikuyenda kale.

Kenaka kunabwera Mayi Tsitsi Chikaipa, mkazi woyamba kukhala bwana wamkulu. Sanali okoma pakamwa ayi, moni wawo unali wouma gwa. Koma atamva kuti ndodo yanyowa anavala majombo, n'kugwada pamatopepo, n'kukhudza okha. Tsiku lomwelo anaimitsa chigayo cha miyala kuti khoma likonzedwe.

Golide anachepa, nanga si chigayo chaima. Apa madoda ndi ndevu zawo anatulukira nzeru: ati golide wathawa chifukwa mkazi waponda mumgodi. Ha! Anthu akuluakulu, ena mpaka masatifiketi! Pamsonkhano wa antchito, eni kampani ali pomwepo, wina anafunsa, "Sekuru Pensulo, agogo athu, inu ndinu akale pano. Mkazi amalowa mumgodi?"

A Pensulo ankadziwa bwinobwino chimene chinaimitsa chigayo, si ndodo yawo yomwe? Koma maso a amuna mazana awiri anali pa iwo, ndipo kutchedwa kapolo wa diresi kunawaopsa kuposa poizoni. Anakonza kukhosi. "Kale sizinkachitika," anatero. Anthu anawomba m'manja, iwo n'kumadzimva.

Mwezi usanathe mayi aja anachotsedwa. M'malo mwawo munalowa Bwana Nigel, mwamuna weniweni ankamufuna uja: mawu ngati lole pachitunda, chithunzi chake mu ofesi iliyonse. Anadzala mitengo khumi pageti, ojambula ali tcheru, n'kulizanso chigayo. A Pensulo atamuonetsa ndodo yonyowa, bwanayo anawasisita paphewa. "Mwakalamba, mudala. Kapumeni."

Khoma silinagwe ayi, linangopitiriza kuchucha. Mvula itabwera, madzi a m'chitsime anayamba kununkha chitsulo. Abakha a akazi awo, a Emily, anafa onse tsiku limodzi. Azaumoyo anabwera n'kutseka chitsimecho ndi simenti, a Pensulo akuyang'ana, misozi ili mbwee, manyazi atawagwira.

Madzi tsopano ali kumjigo wa kusukulu, ulendo wa ola lathunthu. A Emily anakanitsitsa kuwatungira ngakhale osamba. "Mwamuna kutunga madzi kale sizinkachitika, eti? Nyamulani zigubu."

Mukadutsa kumeneko m'mawa muwapeza a Pensulo pamzere wa amayi okhaokha, mutu uli pansi. Ndodo ija ndi imene amapachikapo zigubuzo.