Telala amene analepheretsa mwana wake

Akulu anga aakazi ndi telala. Makina awo ali pakhonde la sitolo ya zitsulo, pakati pa wokonza mafoni ndi mayi wogulitsa makala, ndipo akhala pamenepo zaka khumi ndi zinayi. Tepi yoyezera ali nayo, koma imangolendewera m'khosi ngati mkanda. Poyeza munthu amang'amba kansalu kakatali m'mphepete mwa nsalu yomwe wabweretsayo, n'kumanga mfundo: ya m'chiuno, ya pachifuwa, ya kutalika. Makasitomala amati ndi luso. Luso lake liti? Akulu angawo sadziwa kuwerenga. Anafika kalasi yachisanu akungokankhidwa chaka ndi chaka ngati wilibala, mpaka tsiku lina anaponya chikwama pansi pa bedi osachitolanso. Mauthenga a pafoni ndimawawerengera ndine mng'ono wawo.

Ali ndi mwana mmodzi wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri, yemwe timamutcha Kabatani chifukwa cha kuchepa thupi. Chaka chatha anamaliza kalasi yachiwiri ali nambala seveni pa ana oposa zana. Alamu anga, bambo a mwanayo, omwe amayendetsa lole, anayenda ndi lipotilo m'thumba sabata yathunthu, kuonetsa aliyense, ngakhale amene sanafunse.

Ndiye tsiku lina patchuthi kasitomala anatumiza nsalu pamodzi ndi kapepala. Ine kunalibe. Akulu anga anaitana mwana uja monyadira.

"Tabwera kuno, iwe nambala seveni. Tandiwerengera apa."

Kabatani anayang'ana kapepalako, n'kukatembenuza kuseri.

"Amayi, palibe chithunzi."

"Chithunzi cha chiyani?"

"Kusukulu timaona chithunzi kaye, ndiye timadziwa zonena."

Akulu anga anatenga buku lake la kusukulu, n'kuphimba chithunzi ndi chikhatho. Mwana duu. Atachotsa dzanja, mwanayo anayimba tsamba lonse osapumira, maso ali kumsewu. Umu ndi mmene amaphunzirira: aphunzitsi anena, ana zana abwereza mokuwa, ndipo pa mayeso amakutsegulira tsamba, iwe n'kuyimba nyimbo yake. Pakapepala paja panali mawu awiri okha: manja aafupi. Ndikakumbukira zimenezi mtima umanditentha mpaka lero. Zaka ziwiri zathunthu mwana akudzuka m'mamawa, kusamba madzi ozizira, kuti akaphunzire kukuwa!

Tsiku lomwelo akulu anga anauza amuna awo kuti mwana abwereza kalasi. Alamu anadumpha ngati aponda moto.

"Abwereze? Mwana wakhoza! Ndaonetsa anthu onse lipoti, lero ndikawauze chiyani?"

"Mukawauze kuti lipoti ndi limene lakhoza."

Inenso ndinalowererapo ndi nzeru zanga zoperewera. Ndinati mwina tingomusiya apite, azikagwira pang'onopang'ono kutsogoloko. Akulu anga anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ngati mmene ndinagwirira ine?"

Ndinachita manyazi.

Sukulu itatsegulidwa anaphimba makina ndi chiguduli, tinapita kwa ahedi. Mu ofesi munali mabuku aunjikidwa mpaka pazenera, ndi belu la chitsulo patebulo. Ahediwo anaseka kaye asanayankhe, ndipo kuseka kumeneko sindinawakhululukirebe.

"Mayi, makolo amabwera muno kudzalira kuti ana awo apite patsogolo. Inu mwabwera kudzabweza wanu? Kalasi yachiwiri yadzaza, ana akukhala mpaka pakhomo. Amene wakhoza wakhoza."

Anatitulutsa mwaulemu wa pakamwa. Akulu anga anakhala pabenchi la panja pa ofesi mpaka sukulu kuweruka. M'mawa mwake anabweranso. Madiresi a anthu anadikira, makasitomala ena anakwiya n'kudzatenga nsalu zawo, iwo ali phee pabenchi pomwepo. Tsiku lachitatu ahedi anatopa nawo. Anaitanitsa Kabatani, analemba mawu akuti mbuzi papepala, n'kumupatsa. Mwana anayang'ana pepala, anayang'ana amayi ake, misozi mbwe.

Mukuganiza kuti ahedi anachita manyazi? Ayi ndithu. Anatembenukira kwa akulu anga.

"Nanga kunyumba simumuthandiza, mayi? Makolo enanu ulesi."

Pamenepo akulu anga anaimirira. Chinsinsi chomwe anabisa zaka zonsezi, ngakhale kwa mwana wawo, anachinena chitseko chili chotsegula, aphunzitsi awiri akumva.

"Ndimuthandize ndi chiyani, bambo? Ine pepala limenelo sindingaliwerenge. Inenso anandikhozetsa aphunzitsi okoma mtima ngati inuyo, kanayi konse. Mwana wangayu simumukhozetsa."

Ahedi anakanda m'mutu, anasuntha belu lija popanda chifukwa, kenaka analemba dzina la Kabatani m'kaundula wa kalasi yachiwiri.

Musaganize kuti wina anawathokoza. Alamu anatha mwezi akudya chakudya chawo osayankhula. Anzake a Kabatani, omwe ali kalasi yachitatu, amamutcha agogo a kalasi, ndipo iye anasiya kukhala pafupi ndi makina kutola tinsalu monga ankachitira kale. Akaweruka amakakhala kwa mayi wa makala, n'kufulatira amayi ake. Kuwerenga wayamba pang'ono, zilembo akuzilumikiza movutikira, chala chili papepala, chifukwa mphunzitsi wa chaka chino anamukhazika kutsogolo poopa kuti akulu anga angabwererenso pabenchi paja.

Sabata yatha kasitomala wina, poyembekezera siketi yake, anafunsa mwanayo kuti ali kalasi yanji.

"Yachiwiri," anatero Kabatani mokweza, kuti pakhonde ponse pamve. "Ndinakhoza, koma amayi anga anandilepheretsa."

Wokonza mafoni anaweramira pa ntchito yake. Akulu anga anachotsa mapini pakamwa, imodziimodzi.

"Eya, ndine. Ndipo ukapanda kuwerenga, chaka chamawa ndidzakulepheretsanso."

Mwana anathawira kuseri kwa sitolo akulira. Iwo anabwerera pamakina ngati palibe chachitika, koma ulusi unakana kulowa pa singano. Anayesa katatu, kenaka anandipatsa kuti ndiwalowetsere.