Mawondo a Mkamwini

Ndivomere poyamba kuti kabudula uja ndinagula ndine. Anali woyera, wansalu yopepuka, ndipo ndinamufukula pamulu wa kalamidadi, zovala za kaunjika, mumsika wa ku Cuamba, nditabereka mwana wa miyezi itatu.

Bambo a mwanayu amagwira ntchito kunjanji, koma ya muofesi, yongokhala pampando tsiku lonse. Chaka chimenecho kuchipatala anawauza kuti tensau yawo yakwera, magazi akuthamanga kwambiri, ayambe kulimbitsa thupi. Iwo anangoseka. Ine sindinaseke. Ndili ndi kasatifiketi kanga ka kukoleji, ndipo kuipa kwa kuphunzira pang'ono n'kwakuti umadziwa mayina a zonse zimene zingakuphere mwamuna. Ndiye shefi, bwana wawo wa kuntchito, atawaitana kuti azikasewera tenesi pabwalo lakale lasimenti, wowakankha ndinali ine. Ndinawerenga pafoni kuti kukatentha mwamuna azivala zoyera, zopepuka, zotaya, ndipo ndinagula zonse, ndi kachipewa komwe.

Chimene foni sinanene ndi mayi anga. Anali atabwera kuchokera ku Ngauma kudzandithandiza kulera, ndipo kwathu mkamwini saonetsa mawondo pamaso pa apongozi. Ngakhale kudutsana amadutsana cham'mbali, maso pansi. Nyumba yathu ili ndi khomo limodzi, ndipo mayi ankayala mkeka pakhonde pomwepo, poti ndi pamene pankadutsa kamphepo.

Tsiku loyamba bambo a mwana anavala kabudula kuchipinda, n'kudziyang'ana pagalasi, n'kukondwa. Kenako anasuzumira pazenera.

"Alipo," ananong'ona.

"Ndiye mutani?"

Anatenga buluku lakuda la kuntchito n'kuvala pamwamba pa kabudulayo. Malaya a tenesi aja analibe manja okwanira, ndiye anaphimbanso ndi jekete. Umenewu unali mwezi wa Okutobala, pamene ku Cuamba ngakhale nkhuku zimayenda zitayasama. Anadutsa pakhonde atawerama, nakwera njinga ngati munthu wopita kumaliro.

Anabwerako dzuwa likulowa, nkhope itachita mbuu, n'kufikira kukhala pansi kuchipinda.

"Simunakavule bulukulo kumeneko?"

"Ndikavulire pati? Bwalolo lili pamsewu. Anthu akutsika sitima, azimayi akugulitsa nthochi, ine ndili pakati ndikuvula buluku? Aziti munthu wa kunjanji wapenga."

"Ndiye mwasewera ndi zonse ziwiri?"

"Jekete ndinavula. Shefi amati ndikusewera ngati wansembe."

Ndinawagwira pamtima. Unkagunda ngati mtondo. Ndinawapatsa madzi, mumutu ndikudziona kale ndili mu kapulana yakuda, chitenje cha mkazi wamasiye. Akasiya tenesi, tensau iwatenga. Akapitiriza chonchi, dzuwa liwatenga. Ndipo zonsezi ndinaziyambitsa ndine.

Sabata yotsatira ndinayesa nzeru zanga zonse kuti mayi achoke pakhondepo. Ndinawatuma kukapempha mchere kwa aneba, iwo anandilozera mchere uli pashelefu. Ndinati mwana akufuna mthunzi wa kuseri, iwo anati mwana ali m'tulo, sananene kanthu. Kuwauza chilungamo sindikanatha. Ungayambe bwanji kukamba za miyendo ya mwamuna wako ndi mayi ako okubala? Kabudulayo ndinkachapa mobisa, n'kuyanika kuseri kwa chitseko cha kuchipinda ngati chinthu chakuba.

Lachinayi lina bambo a mwana anati basi, kumeneko kwatha, sapitakonso. Ndinatuluka n'kukakhala pamkeka pafupi ndi mayi, ndikusankha nyemba zosankha kale.

"Chovala ukuyanika kuseri kwa chitseko chija chichita nguwi," anatero mayi, osandiyang'ana. "Kayanike padzuwa."

Ndinapitiriza kusankha nyemba.

"Madzi ochapira ukumataya kawiri, koma pachingwe palibe chawonjezeka. Ukuyesa ndinabadwa dzulo? Uwauze akamwini anga kuti mthunzi wa mpapaya uwo ukafika pachitsime, ine ndimakhala ndi ntchito kuseri."

"Ntchito yanji, amayi?"

"Yanga. Akamabwerako aziliza belu kawiri ali patali."

Ndipo zinayenda choncho mpaka mvula inagwa. Mthunzi ukafika pachitsime, mayi ankapinda mkeka, kunyamula mdzukulu wawo, n'kukakhala kuseri komwe kulibe ndi kamphepo komwe, atayang'ana khoma. Bambo a mwana ankatuluka ali mbee kuyambira chipewa mpaka nsapato, mawondo pamtunda, n'kupalasa njinga ngati akuthawa moto. Madzulo belu kawiri, mayi n'kunyamukanso. Awiriwa sanakambiranepo nkhaniyi, ngakhale liwu limodzi. Titapitanso kuchipatala anati tensau yatsikako, ndipo tsiku limenelo ndinadya mpaka kukhuta.

Pobwerera ku Ngauma ndinawaperekeza mayi kukakwera galimoto ya ku Mandimba. Ndinawathokoza, n'kuwauza kuti anapirira, kukhala kuseri kotentha kuja osaona kalikonse.

"Sindinaone, n'zoona," anatero akukonza katundu pamiyendo. "Koma chithunzithunzi chinkadutsa pakhoma. Ndi timiyendo timeneto akuthamangitsa mpira? Mwanawe, uziwaphikira."