Chigeliki cha ku Thyolo: Moyo wa Bambo Manasseh Likoswe

Mpingo wathu wa ku Maryhill, mumzinda wa Glasgow, watsanzikana ndi munthu amene sanali mbusa kapena mkulu wa mpingo, ndipo sanakwerepo pa guwa kukalalikira. Bambo Manasseh Likoswe ankakhala chakumbuyo, pafupi ndi paipi yotenthetsa m'tchalitchi, chipewa chili pa bondo. Ambiri ankangowadziwa kuti ndi mkulu uja anasoka makatani a m'holo. Mbiri yawo ndi iyi, monga aifotokozera amene anadya nawo ndi kupemphera nawo.

Anabadwa m'chaka cha 1949 ku Thyolo, m'mudzi wozingidwa ndi minda ya tiyi mbali zonse. Manda a mudziwo ndi kasupe wake zinali mkati mwa esiteti, pakuti mzungu woyamba kudzala tiyi pamenepo anapeza anthu alipo kale. Makolo a m'mudzimo anapangana naye pamaso pa boma la atsamunda kuti iye alime, koma njira yopita kumanda ndi kukasupe ikhale yotsegula mpaka kalekale. A Manasseh anakula akuyenda njira imeneyo, m'mawa kukatunga madzi, pa tsiku la chisoni kuperekeza maliro.

M'nyumba yawo yopemphereramo mabuku a nyimbo anali osowa. Munthu mmodzi ankaimirira n'kuimba mzere, anthu onse n'kumuyankha, kenako iye n'kupereka mzere wina. A Manasseh anali amanyazi polankhula, koma poimba mawu awo ankamveka mpaka kutsidya kwa dambo, choncho ntchito yopereka mzere inawagwera ali achinyamata.

Dziko litalandira ufulu iwo anavina pamodzi ndi anzawo. Patapita zaka zingapo esiteti inagulidwa ndi kampani ina, ndipo pa njira ija panaikidwa waya ndi chipata. Bambo awo atamwalira, anthu anasenza maliro monga mwa nthawi zonse, koma pachipata anapeza woyang'anira ntchito ataima ndi alonda.

"Pangano limenelo munapangana ndi atsamunda," anatero munthuyo. "Atsamunda anapita. Ife sitinalipo."

Maliro anabwezedwa panjira, chinthu chimene akuluakulu a m'mudzimo anali asanachionepo. Bambo awowo anaikidwa m'mphepete mwa munda wa chinangwa, kutali ndi abale ake. A Manasseh sanatukwane munthu tsiku limenelo. Anapereka mizere ya nyimbo mpaka dothi lomaliza litaponyedwa, koma chilondacho anayenda nacho moyo wawo wonse. Kuyambira pamenepo ankakonda kunena kuti, "Wolandira nyumba salandira denga lokha, amalandira ndi malonjezo omwe."

Anaphunzira utelala, nakhala ndi makina awo pa khonde la sitolo ku Luchenza. Kumeneko anakwatira mayi Matilda, amene anali namwino. Mwana wawo woyamba anamwalira ali wakhanda, ndipo patapita nthawi yaitali Mulungu anawapatsa mwana wamkazi, Chikhumbo. M'chaka cha 2003 mayi Matilda anapeza ntchito kuno ku Glasgow, banja lonse n'kusamuka. Anafikira ku Sighthill, m'nyumba zosanja zimene pambuyo pake zinagwetsedwa, m'mwamba momwe mphepo inkalira m'mawindo chaka chonse. Munthu amene ankasokera masuti aphunzitsi aakulu anayamba ntchito yotsuka miphika ku nyumba yosungira okalamba. Anzawo akawadandaulira, iwo ankangoseka. "Mphika sufunsa kuti kwanu unali yani," ankatero. "Ukautsuka bwino, wayera."

Lamulungu lina, mapemphero a m'mawa atatha, anazindikira ali pamalo okwerera basi kuti aiwala ambulera m'tchalitchi. Atabwerera anamva kuimba, naima pakhomo ngati awakhomera pansi. M'katimo munali okalamba ochepa. Mmodzi anali ataimirira kupereka mzere, ena n'kumuyankha pang'onopang'ono, aliyense akukhotetsa mawu m'njira yakeyake, monga imachitira mphepo m'mitengo ya bulugamu. Chinenerocho sanachimve ngakhale liwu limodzi, koma kaimbidweko kanali ka kwawo. Misozi inangotsika yokha.

"Lowani, bambo, kapena tulukani," anatero mayi wina wa tsitsi loyera, osatembenuka n'komwe. "Mukutilowetsera mphepo."

Ameneyo anali mayi Kate McDonald. Wopereka mzere uja anali mlongo wawo, bambo Dave, amene anakalambira pa ntchito yokhoma sitima zapamadzi. Anthu amenewa anali ochokera ku zilumba za kumpoto, ndipo ankaimba masalimo m'Chigeliki, chinenero cha makolo awo, chomwe chalankhulidwa m'dziko lino kuyambira kalekale. Tchalitchi chawo chitagwetsedwa, mpingo wa Maryhill unawalandira ndi lonjezo ili: masana a Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse nyumbayi ndi yawo, malinga alipo wopereka mzere ndi omuyankha. Kuchokera tsiku limenelo a Manasseh sankajomba. Ankakhala kumbuyo n'kumang'ung'uza chapansipansi.

Chaka cha 2014 chinafika ndi funso lalikulu, lakuti dziko lino la Scotland lidziimire palokha, kuchoka mu ufumu wa Britain, kapena ayi. Pa windo la a McDonald panamatidwa zikwangwani ziwiri zotsutsana, pakuti mayi Kate ankafuna ufulu ndi mtima wonse, pamene bambo Dave ankati nyumba yakale saigwetsa mvula ili pamutu. Aliyense wa iwo ankafuna kukokera a Manasseh kumbali yake.

"Nanga inu a Manasseh, voti yanu mukaponya kuti?" anafunsa mayi Kate powathirira tiyi.

"M'bokosi, mayi," anayankha iwo, n'kupitiriza kupaka batala pa buledi.

Mpaka lero palibe akudziwa mbali imene anasankha.

Mphepo yomweyo inalowanso mwa ife a Malawi. Pa nthawi imeneyo mabenchi a m'mawa ankadzaza ndi ife, eni mpingo wakale atatha pang'onopang'ono. A Japhet Sulumba, injiniya wachangu ndi wokonda Mulungu, anatsogolera pempho lakuti tikhale mpingo wodziimira patokha, ndipo akuluakulu a mpingo wakale anavomera kutisiyira nyumbayi. A Manasseh anakondwera kwambiri. Koma pa msonkhano wokonza za mtsogolo zinamveka kuti masana onse a Lamulungu aperekedwa kwa achinyamata ndi magitala awo.

A Manasseh anakweza dzanja, chinthu chimene anali asanachitepo pa msonkhano uliwonse.

"Nanga a McDonald ndi anzawo?"

"Madala, musadandaule, tiwapezera kachipinda ka kumbuyo kaja, kapena tsiku lina mkati mwa wiki," anayankha a Japhet mwaulemu. "Iwo atsala ochepa, pamene ma yufi athu ndi ambiri, ndipo tikawasowetsa pochitira zawo tiwataya. Komanso lonjezo limenelo anapanga ndi mpingo wakale. Ife sitinalipo."

Mawu otsirizawo anawalasa a Manasseh pa chipsera chakale. Anaimirira, chipewa chili m'manja.

"A Sulumba, ufulu ndikuufuna monga mukuufunira inu. Koma mawu mwanenawo ndinawamvapo kale, bambo anga ali paphewa langa, pachipata cha esiteti. Amene anawanena anali Mmalawi mnzanga, ndipo sanali munthu woipa. Iyenso ankangoti sanalipo. Anthu awa tinawapeza. Pamene tinkabwera ndi majasi obwereka, iwo anatisunthira pa benchi. Ngati ufulu wathu uyamba ndi kuwatsekera chipata, ine ndipempha mundisiye kunja pamodzi nawo."

A Manasseh anakhala pansi. Kenako a Useni, amene sasowa chonena, anang'ung'udza mokweza kuti, "Ndiye mwina mawa atiuza kuti tiziimba Chigeliki. Chingerezi chomwechi nsagwada zatsala pang'ono kuguluka." Anthu anaseka, mitima n'kutsika. Msonkhano unagamula kuti lonjezo likhale monga linanenedwera: masana aja ndi a eni ake, malinga alipo wopereka mzere. A Japhet sanalimbane nazo. Aliyense ankadziwa kuti chifuwa cha bambo Dave chinali chitatha ndi fumbi la m'sitima, ndipo kuti panalibe wina wowalowa m'malo. Lonjezolo linkayembekezeka kufa lokha.

A Manasseh nawonso ankadziwa zimenezo. Mawa lake anakagogoda kwa a McDonald n'kupempha kuti aphunzitsidwe.

Anaphunzira ndi khutu, monga anaphunzirira nyimbo za kwawo. Amuna awiriwo ankayenda m'mbali mwa ngalande ya Maryhill, bambo Dave akuima pafupipafupi kuti apume, n'kutulutsa mzere ndi mpweya wochepa umene anali nawo, a Manasseh n'kubwereza. Mawu ena a Chigeliki amatulukira pakhosi penipeni, ndipo lilime la ku Thyolo linkawakana. Pobwerera kunyumba mayi Kate ankawayesa.

"Mukuimba ngati munthu amene wameza munga wa nsomba," ankatero, akupukuta misozi ya kuseka.

"Asiye, Kate," ankayankha bambo Dave. "Mulungu wapirira zoposa apa. Wakhala akumva iwe kuyambira uli mwana."

Bambo Dave anamwalira m'chaka cha 2017. Lamulungu loyamba la mwezi wotsatira, telala wa ku Luchenza anaimirira kutsogolo kwa okalamba a kuzilumba, natsinzina, napereka mzere. Mawu a mayi Kate anayankha, ena onse n'kutsatira.

Sikuti onse anakondwera nazo. Ena mwa ife anawatcha Mgeliki wa ku Thyolo, ndipo alendo ena ochokera kuzilumba ankayang'anana akamva katchulidwe kawo. Achinyamata anapatsidwa Loweruka m'malo mwa masana aja, ndipo a Manasseh anawasokera mayunifolomu a kwaya ndi manja awo, kuti pasakhale wonena kuti mkuluyo amadana ndi magitala.

Makiyi a tchalitchi ankasunga a Japhet, motero mwezi uliwonse ankayenera kudzatsegula. Poyamba ankadikira m'galimoto. Nyengo yozizira itafika anayamba kudikira pakhonde la m'kati, ndipo sipanadziwike tsiku limene anasamukira pa benchi la kumbuyo, pafupi ndi paipi ija. Pamapeto pake ndiwo ankaperekeza a Manasseh kunyumba, ndipo mayi Sulumba ankadabwa kuti ulendo waufupi chotero unkatenga nthawi yaitali bwanji.

Mayi Matilda anatsogola m'chaka cha 2021. A Manasseh anawalira mwakachetechete, koma masana a Lamulungu loyamba anawapeza ataimirira pamalo pawo. Chikhumbo anali atakwatiwa ku Canada, m'chigawo cha Alberta, kumene ndi namwino pakati pa mitundu ya eni nthaka. Tsiku lina anawafotokozera pa foni kuti anthu ena kumeneko akufuna chigawocho chipatuke kukhala dziko palokha, ndipo kuti odwala ake okalamba ali ndi nkhawa, pakuti mapangano a malo awo makolo awo anapangana ndi ufumu wa ku Britain chigawocho chisanakhazikitsidwe.

"Ofuna kupatukawo anakawafunsa eni akewo?" anafunsa a Manasseh.

"Adadi, nkhani yake ndi yovuta, mpaka maloya alowererapo."

"Kuvuta ivute, mwana wanga. Kufuna kudziimira si tchimo. Koma munthu asanamange mpanda wake amayamba wafunsa kuti njira ya kumanda yadzera pati."

Kuyambira tsiku limenelo ankawatchula anthu amenewo m'mapemphero awo a m'mawa, ngakhale sanawaonepo.

Mphamvu zinayamba kuwathera chaka chatha. Sanadwale nthawi yaitali, ndipo sanadandaule. Chikhumbo anafika nthawi ilipo. Masana ena dzuwa litawala pang'ono, ali pa mpando wawo pafupi ndi windo, nsalu ya tebulo la mgonero imene ankaipinda m'mphepete ili pamiyendo, anapempha madzi. Atamwa anathokoza, nati akufuna kupumako pang'ono asanamalize mbali yotsalayo. Anatsinzina monga ankachitira popereka mzere, ndipo sanadzukenso. Anaikidwa pambali pa mayi Matilda, kumanda kumene aliyense amalowa osapempha chilolezo.

Lamulungu loyamba la mwezi wotsatira chitseko chinatsegulidwa monga mwa nthawi zonse. Mayi Kate anabwera pa mpando wamatayala, ndi mkulu wina mmodzi wa kuzilumba, ndi a Malawi angapo amene anadzera chisoni. Aliyense ankadziwa mawu a lonjezo lija, ndipo malo a wopereka mzere anali opanda munthu. Mayi Kate anayamba kumanga mpango wawo kuti azipita.

Pamenepo benchi la kumbuyo linalira. A Japhet Sulumba anayenda kupita kutsogolo, makiyi akulira m'thumba. Anatsinzina, natsegula pakamwa. Mawu a Chigeliki amene anaphunzira poperekeza a Manasseh anatuluka okhota, nathyokera pakati.

Mayi Kate anawayang'ana, kenako anamasula mpango uja.

"Bwerezani, mwana wanga, musathamange," anatero. "A Manasseh anayamba moipa kuposa pamenepa."

A Japhet anabwereza, ndipo nyumba inayankha.

Apume mumtendere wa Ambuye amene anamutumikira, telala wa ku Luchenza. Lamulungu loyamba la mwezi uno, masana, chitseko chidzakhala chotsegula. Obwera alowe msanga, asalowetse mphepo.