Foni ya Kuchipinda kwa Bambo

Mawaya a foni m'nyumba yathu ya ku Ingezi, mumzinda wa Kadoma, anawayala okha bambo, atangopuma ntchito ya mumgodi. Waya wina anamudutsitsa m'mphepete mwa denga mpaka kuchipinda kwawo, naika foni yachiwiri pakampando pafupi ndi bedi. Miyendo itayamba kuwakanika, ankangotambasula mkono. Loweruka lililonse ankaimba azakhali, mlongo wawo amene anabwerera ku Ntcheu kalekale. Ndi okhawo amene bambo ankacheza nawo m'Chichewa mpaka kuseka. Zidzukulu zawo kuno zimamva, koma zimayankha m'Chishona.

Kenako akampani anati mafoni onse azidzera pa intaneti. Nambala sinasinthe. Anatiikira kabokosi pabalaza, kolumikiza kumagetsi, ndipo foni ya kuchipinda inangoti zii.

Ndinakwera kombi, minibasi ya kuno, kuchokera ku Pfupajena, kumene ndimakhala, kuti ndikakonze. Mnzanga wodziwa zamagetsi anali atandiuza kuti ndiyambe ndachotsa waya wochokera panja, kenako ndilumikize kabokosiko ku soketi ya pakhoma, mawaya akalewo agwira. Ndinachita zomwezo, bambo akundilangiza ali chigonere.

"Usakoke waya wa m'dengayo, iwe. Ndinamukhoma bwino."

Nditayesa kuimba, foni inalira pambali pawo. Anaisiya ilire kanayi, akumwetulira.

Chimene sindinawauze n'chakuti foni yakale inkagwira ngakhale magetsi atazima, pomwe iyi ayi. Ndinkadziwa. Ndinkati ndidzagula batire mwezi wamawa, mwezi wamawawo n'kudutsa.

Nthawi ya dzinja mphenzi inawononga magetsi a dera lonse, ndipo panapita masiku osakonzedwa. Sabata yomweyo azakhali anadwala mwakayakaya. Mwana wawo wamkazi anaimba kambirimbiri, koma nambala imene ankaidziwa inali imodzi yomweyo.

Magetsi anayaka Lachitatu masana, ine ndilipo, ndikupakulira bambo sadza, nsima ya kuno. Posakhalitsa foni inalira. Bambo anainyamula n'kumvetsera.

"Mwawaika liti?" anafunsa. Kenako anati, "Ananditchula?"

Anandipatsira foniyo. Msuweni wangayo anandiuza kuti kwa masiku awiri mayi ake ankangoti, "Ayeseninso achimwene, mwina tsopano ilira."

Bambo sanandidzudzule, ndipo ine sindinaulule kuti ndinkadziwa. Loweruka lotsatira ndinabwera ndi batire. Ndinagwada pabalaza kulilumikiza, n'kuzimitsa magetsi dala kuti aone kuti foni ikugwirabe.

"Wagulira ndani?" anatero.

Anandiuza kuti ndichotse foniyo pakampando, pakhale kapu ya madzi ndi mankhwala awo. Ndinaikulunga m'nsalu n'kuiika pamwamba pa kabati.

Ndimapitabe ku Kadoma sabata iliyonse. Ndimawasambitsa, ndimawameta, amadya pang'ono. Ndikamatsanzika amakhala atatembenukira kukhoma, ndipo masiku ena sayankha.