Madzi a pa bwalo la mpira

Gelesomu mnzanga, dzulo timavundukula chiliza chako ku Sinda. Aliyense amasimba zako, ine n'kumangomvetsera. Chivulalireni m'mutu katatu konse pa mpira paja, zinthu sizikhala m'mutu mwanga. Mutu umangowawa, ndipo dzuwa likawala ndimathawira m'nyumba. Ndinawachitira nsanje onse, ngakhale mkazi wako amene amalira, chifukwa iye akukumbukira zonse zimene akulirira.

Ine chatsala n'chimodzi. Nditakomoka kachitatu, unandithira madzi pamutu n'kukuwa kuti, "Dzuka mwamuna, tikuluza!" Ndinadzukadi, tinawina. Akuti paukwati wanga unavina mpaka nsapato inang'ambika. Tsiku limenelo anzathu onse ali nalo. Ine, mwini ukwati, unandisiyira madzi ozizira okhawo.